Tsiku limene injini inakhala chete pa Kanengo

## Malita khumi m'chigubu

Chakumapeto kwa chaka cha 2024, pamene petulo anasowa kuno ku Kasungu monga m'maboma ena onse, ine ndinali ndi malita khumi okha amene ndinagula kwa ogulitsa m'zigubu pamtengo umene sindikufuna kuukumbukira. Ndinawasunga chifukwa cha amayi. Iwo anali atabwera kwathu kuchokera kumudzi, kufupi ndi Chamama, ali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo tsiku lokaonana ndi dokotala wa maso ku Lilongwe linali litalembedwa kale m'buku lawo la kuchipatala. Amayi anali atafika pongozindikira anthu ndi mawu, ndipo sindinafune kuwapanikiza m'minibasi, imenenso masiku amenewo inali yosowa ndiponso yokwera mtengo.

Vuto linali lakuti galimoto yanga ndi yakale, injini yake ndi yaikulu, ndipo pa lita imodzi imayenda makilomita osapitirira khumi. Kuchoka ku Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130, choncho malita khumiwo akanatithera tisanalowe n'komwe mumzinda, osanena za ulendo wobwerera.

Madzulo a tsiku limenelo, aphunzitsi amene tinayandikana nawo nyumba anandipeza ndili khale pakhonde, chigubu chili pambali. Iwo amaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale, ndipo chaka cham'mbuyo anali atagula Toyota Aqua, imodzi mwa magalimoto oyendera petulo ndi magetsi a m'batire, amene timawatcha a hybrid. Asanagule anabwera kudzandifunsa nzeru, poti ndayendetsa galimoto zaka zambiri, ndipo ine ndinawaletsa ndi mtima wonse. Ndinawauza kuti batire yake ikadzafa ndiye kuti ndalama zawo zalowa m'madzi, kuti amakaniko athu saidziwa, ndiponso kuti ndi yotsika kwambiri moti singapirire misewu yathu. Anandimvetsera mwaulemu, koma anakagulabe.

Atamva za ulendowo anati, “Achimwene, musadandaule. Mu yangayi mwatsala malita atatu kapena anayi. Tithiremo anuwo, ndipo amayi tikawasiya kuchipatala n'kubwerera ndi mafuta omwewo.” Ndinawerengera mumtima kuti kupita ndi kubwera ndi makilomita 260, ndipo sindinakhulupirire. Ndinavomera chifukwa panalibe njira ina.

## Pa Kanengo

Tinanyamuka kusanache. Aphunzitsi ndiwo ankayendetsa, ine ndinakhala kumbuyo ndi amayi kuti ndiziwauza pamene tafika. Tinadutsa pa Chinkhoma kuli mdima, tinawoloka Bua, ndipo dzuwa linatitulukira cha ku Madisi. Msewu wa M1 unali ukukonzedwa, kotero m'malo ambiri tinkapatukira m'tinjira tafumbi n'kumayenda pang'onopang'ono. Maso anga sankachoka pa chizindikiro cha mafuta. Pa Mponela ndi pa Lumbadzi tinaona mizere ya magalimoto ndi njinga zamoto pamalo omwetsera mafuta, anthu ena atagona m'mipando, ena atayala zitenje pansi pa mitengo.

Titafika pa Kanengo msewu unali utatsekeka. Mzere wa ofuna mafuta unali utasefukira mumsewu waukulu, malole anali ataima mbali zonse, ndipo sitinkatha kupita kutsogolo kapena kubwerera. Aphunzitsi ataponda buleki n'kuima, injini inangoti zii.

Amayi anandigwira dzanja mwamphamvu. “Atha mafuta, eti?” anatero. Ndisanayankhe anapitiriza, mawu akunjenjemera, “Ndinakuuza iwe kuti tikwere minibasi. Tsopano tsiku langa lapita, ndipo ndani atikankhe muno m'tauni mwa eni?” Ndinamva kuti ayamba kupemphera chapansipansi. Ine ndemwe mtima unandigunda, chifukwa kwa munthu aliyense amene anakula ndi magalimoto athu akalewa, injini ikazima pakati pa msewu ndiye kuti zinthu zavuta.

Aphunzitsi anacheuka n'kunena modekha kuti, “Ayi amayi, sanathe. Galimotoyi ikaima imazimitsa yokha injini kuti isamwe mafuta pachabe. Tikafuna kuyenda, iyenda.” Posakhalitsa lole ya kutsogolo kwathu inasuntha, ndipo ife tinayamba kuitsatira popanda phokoso lililonse, kupatula kulira kwa matayala pamiyala. Amayi anakhala tcheru. “Tikuyenda?” anafunsa. “Nanga akukankha ndani?” Aphunzitsi anawafotokozera kuti pansi pa mpando umene akhalirawo pali batire yaikulu, ndipo ndi imene ikutiyendetsa.

Amayi anakhala chete kanthawi, dzanja lawo likusisita mpando. Kenako anati, “Ndiye kuti amene anaipanga anaphunzira kwa mzimayi wodziwa kuphika. Mzimayi wanzeru akangophula mphika amafumula nkhuni, sazisiya kuti zizingonyeka.”

Tinakhala mumpanipani umenewo kwa nthawi yoposa theka la ola. Kumanja ndi kumanzere kwathu injini zinkalira, utsi ukutuluka, magalimoto asakupita kulikonse. Oyendetsa ena ankazimitsa n'kumalizanso mobwerezabwereza, ndipo mmodzi batire inamuthera mpaka anyamata anachita kumukankhira pambali. Injini yathu inkadzuka mwa apo ndi apo kwa mphindi zochepa, n'kugonanso. Ndinaganiza za zaka zonse zimene ndakhala ndikuwotcha petulo galimoto ili chiimire, podikira munthu pa sitolo, pa zipata za apolisi a pamsewu, ngakhale pamzere weniweniwo wofunira mafuta, ndipo sindinaonepo kuti ndi nkhuni zonyeka popanda mphika pamoto.

## Zimene ndinaphunzira pambuyo pake

Amayi anawagoneka m'chipatala, ndipo mlongo wanga amene amakhala ku Lilongwe anatsala nawo. Ife tinabwerera tsiku lomwelo. Nyali yochenjeza za mafuta inayaka titadutsa Bua, koma tinafika pakhomo injini isanatsokomole. Kuyambira tsiku limenelo ndinafuna kudziwa chimene ndinali kuchitsutsa ndisanachimvetse.

Galimoto ya mtundu umenewu ili ndi mphamvu ziwiri, injini ya petulo ndi mota ya magetsi, ndipo kompyuta ndiyo imasankha kuti pa nthawi iliyonse igwire ntchito ndi iti, kapena zithandizane zonse. Siifuna kulumikizidwa ku magetsi a m'nyumba. Batire yake imadzazidwa ndi injini, komanso imadzazidwa nthawi iliyonse imene woyendetsa waponda buleki kapena akutsika mtunda, chifukwa pamenepo mota ija imasanduka jenereta, ndipo mphamvu imene m'galimoto wamba imangotayika ngati kutentha kwa mabuleki imabwerera m'batire. N'chifukwa chake phindu lake limaoneka kwambiri m'tauni ndi m'misewu ya imaima. Pamsewu wautali wothamanga, injini imagwira ntchito pafupifupi nthawi yonse, ndipo kusiyana kwake ndi galimoto ina yaing'ono kumachepa. Tinjira tafumbi ta pa M1 ndi mpanipani wa pa Kanengo, zimene ine ndinkaziona ngati adani a mafuta athu, kwa galimoto imeneyi sizinali zoopsa kwenikweni.

Luso limeneli si lachilendo monga ndinkaganizira. Toyota inayamba kugulitsa Prius ku Japan mu December 1997, ndipo imeneyo ndiyo inali galimoto ya hybrid yoyamba kupangidwa yambirimbiri. Honda inatsatira ndi Insight mu 1999. Aqua inatuluka kumapeto kwa 2011, ili ndi injini ya malita 1.5 ndi thanki ya malita 36. Nissan inabwera ndi njira ina mu 2016 pa Note e-Power, momwe injini siyendetsa matayala n'komwe, koma imangopanga magetsi oyendetsera mota. Pamene ine ndinkauza aphunzitsi kuti akugula chinthu chosayesedwa, magalimoto otere anali atayenda kale m'misewu ya dziko lapansi kwa zaka zoposa makumi awiri ndi zisanu.

## Malamulo a kutali, galimoto ya pakhomo

Funso limene linandigwira kwambiri ndi lakuti, kodi galimoto imeneyi inapezeka bwanji pakhomo la mphunzitsi wa ku Kasungu pamtengo woti angathe kuufikira? Aliyense wokhala m'mbali mwa M1 amawadziwa magalimoto a IT amene amadutsa muno m'magulumagulu, atatsika m'sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Ambiri mwa iwo ndi ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo zimene zimafika kuno zimatengera zimene anthu a kumeneko ankagula zaka khumi zapitazo.

Zimene ankagulazo zinkatsogoleredwa ndi malamulo. Mu 2009 boma la Japan linayamba kuchepetsa misonkho ya magalimoto osamwa mafuta ambiri, ndipo a hybrid ndiwo anapindula kwambiri. Kumeneko galimoto ya petulo ikapitirira zaka 13 msonkho wake wa pachaka umakwera, pamene ya hybrid siikhudzidwa ndi kukwerako. Galimoto yatsopano imakayesedwanso ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula, moti ambiri amasankha kugulitsa galimoto idakali yabwino. Mu 2021 dzikolo linalengeza cholinga chakuti pofika 2035 magalimoto onse atsopano onyamula anthu akhale oyendera magetsi mwa njira ina iliyonse, ndipo a hybrid akuwerengedwa m'gulu limenelo.

Ku Ulaya nako malamulo akhala akumangika. Mayiko a European Union anaika malire akuti, kuyambira mu 2020 mpaka 2024, magalimoto atsopano akaphatikizidwa pamodzi asatulutse mpweya wa carbon dioxide wopitirira magalamu 95 pa kilomita imodzi, ndipo kampani yopyola malire ake imalipira chindapusa. Kwa zaka zambiri makampani a kumeneko ankadalira dizilo kuti akwaniritse malamulo otere, koma mu September 2015 zinadziwika kuti Volkswagen inaika m'magalimoto ake a dizilo pulogalamu yobisa kuchuluka kwa utsi woipa pa nthawi yoyesedwa, ndipo chikhulupiriro cha anthu pa dizilo chinagwa. Mu 2023 European Union inakhazikitsa lamulo loti pofika 2035 magalimoto atsopano asamatulutsenso carbon dioxide, ngakhale kuti kukangana pa lamuloli sikunathe. Ku Britain anagamula kuti magalimoto atsopano a petulo kapena dizilo yekha asiye kugulitsidwa mu 2030, koma a hybrid awalola mpaka 2035. Mumzinda wa London, kuyambira mu 2019, woyendetsa galimoto yakale yotulutsa utsi wambiri amalipira tsiku lililonse limene walowa nayo m'dera loikidwa, ndipo mu August 2023 deralo analikulitsa kufikira mzinda wonse.

Chimene chinandithandiza kumvetsa zonsezi ndi chakuti lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa carbon dioxide wokwana pafupifupi makilogalamu 2.3, ndipo palibe sefa imene ingaikidwe kupaipi ya utsi kuti imugwire. Utsi wina wowononga mapapo umatha kuchepetsedwa ndi zipangizo za kupaipiko, koma mpweya umene ukusintha nyengowu umachepa pokhapokha mafuta opsa akachepa. Motero lamulo lililonse loletsa mpweyawu limakakamiza opanga magalimoto kuti apange injini yosamwa kwambiri. Aphungu a ku Brussels, likulu la European Union, ndi a ku Tokyo ankaganizira za mlengalenga, ndipo sankadziwa za amayi anga kapena chigubu changa, komabe zimene anagamula ndi zimene zinachititsa kuti malita khumi ndi atatu atifikitse ku Lilongwe n'kutibweza.

Sindikunena kuti nkhani ya mlengalengayo ndi ya eni okha. Ife tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita kuchigawo chakummwera mu March 2023, ndipo chaka chotsatira ng'amba inachititsa kuti boma lilengeze za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Magalimoto athu ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a mayiko olemera, koma mvula ikasokonekera, chimanga ndi fodya wa kuno ndi zimene zimayamba kufota.

## Chifukwa chake ikutiyenera panopa

Anzanga ena amati tingodumpha zonsezi n'kudikira magalimoto oyendera magetsi okhaokha. Ndimawamvetsa, koma ndimawakumbutsa kumene magetsi athu amachokera. Ambiri amapangidwa pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo mu January 2022 namondwe wa Ana atawononga Kapichira dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Tonse tikukumbukira kuthima kwa magetsi kwa masiku amenewo. Kumudzi kwathu mawaya sanafike mpaka lero, moti munthu wopita kumaliro ndi galimoto yodalira soketi angafike koma osadziwa kuti abwerera bwanji. Ya hybrid imangofuna petulo yemweyo amene timamudziwa, koma wocheperako.

Kuchepa kumeneko n'kofunika ku dziko lonse, osati ku thumba la mwini galimoto yekha. Kupatula ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa amene amasakanizidwa m'petulo, mafuta athu onse amachokera kunja, makamaka kudzera m'madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene zimatisowa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense anamva kuwawa kwake. Ine ndimaona kuti lita iliyonse imene sinapse pa Kanengo ndi dola imene ikanatha kugula mankhwala kapena feteleza, ndipo ndikanakonda kuti okonza misonkho ya magalimoto olowa m'dziko aziiona nkhaniyi ndi diso limenelo.

## Mantha anga sanali opanda pake

Ngakhale ndasintha maganizo, zimene ndinauza aphunzitsi zinali ndi choonadi chake. Magalimoto amene amafika kuno amakhala atayenda kale zaka zambiri, ndipo batire, monga chinthu china chilichonse, imakalamba. Adani ake aakulu ndi kutentha ndi fumbi, zinthu ziwiri zimene Kasungu ali nazo zochuluka kuyambira August mpaka mvula itagwa. Batire ya Aqua imaziziritsidwa ndi kafani kamene kamakoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kudzera pa kabowo ka m'munsi mwa mpando wakumbuyo. Kabowoko kakatsekeka ndi thumba la mtedza kapena kafaniko kakadzaza fumbi, batire imatentha n'kufooka msanga, ndipo ogula ambiri sauzidwa zimenezi.

Patapita miyezi ingapo ndinaperekeza aphunzitsi ku galaji ina kuti tikaone kafaniko. Amakaniko, bambo amene andikonzera galimoto kwa zaka zambiri ndipo ndimawalemekeza, ananena mosabisa kuti, “Abwana, injini ndi mabuleki ndikhoza kugwira, koma mawaya a olenjiwo sindikhudza.” Ananena zoona, chifukwa mawaya a mtundu umenewo ndi a magetsi amphamvu. Batire ya Aqua ili ndi mavoti 144, ndipo ikhoza kupha munthu woigwira mosadziwa. Mnyamata wina amene akuphunzira ntchito pagalajipo ndiye anachotsa mpando, atayamba waonera pa foni mmene ena amachitira. Pa kafaniko tinapeza fumbi lofiira la pa M1 litagwirana ngati thonje. Mnyamatayo analipukuta bwinobwino, kenako anandifunsa ngati ndikudziwa kumene angakaphunzire ntchito ya magalimoto amenewa n'kupatsidwa pepala. Funso lakelo limandivutitsabe, chifukwa batire imeneyi ili ndi zigawo 20, ndipo wodziwa ntchito, pogwiritsa ntchito kompyuta yoyezera, amatha kupeza chigawo chofooka m'malo mouza mwini galimoto kuti zonse zatha. Popanda anthu otere m'maboma ngati athu ano, galimoto zabwinobwino zidzayamba kugona m'magalaji, ndipo mabatire akufa tidzawapeza atatayidwa kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera.

Za kutsika kwake ndinanenanso zoona. M'nyengo ya dzinja aphunzitsi safika nayo kumudzi kwathu, ndipo pa mahampu ena amachita kudutsa chopingasa.

Koma pali chinthu china chimene ine sindinachiganizire n'komwe, ndipo anandionetsa ndi amayi. Galimoto yoyenda mwakachetechete ndi yoopsa kwa munthu amene amadalira makutu. Misewu yathu ndi yodzaza ndi oyenda pansi, akabaza, ana a sukulu ndi ziweto, ndipo ambiri amapatuka akamva injini kumbuyo. Ku European Union anaona vutoli, ndipo kuyambira mu July 2021 galimoto iliyonse yatsopano yoyendera magetsi kapena ya hybrid imayenera kukhala ndi chipangizo chotulutsa mawu ikamayenda pang'onopang'ono. Magalimoto ambiri amene akufika kuno anapangidwa malamulo otere asanakhwime, choncho udindo wonse uli kwa woyendetsa.

## Amayi ataiona

Ng'ala anawachotsa diso limodzi poyamba, linalo patapita miyezi iwiri. Atabwerera ku Kasungu akuona bwino, chinthu choyamba chimene anapempha, asanalowe m'nyumba, chinali choti akaone galimoto ija. Aphunzitsi anawatsogolera kuseri kwa mpanda kumene inaima. Amayi anaizungulira pang'onopang'ono, akuigwira ndi dzanja monga ankachitira asanayambe kuona, ndipo anati, “Kani ndi kakang'ono chonchi? Ine ndinkaganiza kuti ndi chigalimoto chachikulu.” Anapempha kuti awatsegulire chitseko chakumbuyo, nayang'anitsitsa mpando umene anakhalira, ndipo aphunzitsi anawaonetsa kabowo ka mpweya kaja.

Ine ndikuyendetsabe galimoto yanga yakale, chifukwa ndalama zogulira ina sizinakwane, koma ndikaima podikira munthu ndimazimitsa injini. Amayi anakhala nafe milungu itatu asanabwerere kumudzi. M'mawa uliwonse aphunzitsi akamakonzeka kupita kusukulu, iwo ankatuluka pakhonde n'kuitana adzukulu awo ndi ana a anthu oyandikana nafe mmodzimmodzi, n'kuwauza kuti, “Chokani kumbuyoko, ana inu. Imeneyo siilira ikamanyamuka.”